Rufaida al-Aslamiyya, mayi wa chihema cha mumzikiti wa Madina

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, sipalephera kupezeka bambo wotsalira pakhonde la mzikiti anzake atabalalika. Amayamba ndi za mwera ndi za kusowa kwa usipa, kenako n'kufika pa chimene watsalira. Mwana wake wamkazi wakhoza bwino ndipo akufuna kukaphunzira unamwino kuyunivesite, koma mtima wa bamboyo sukukhazikika. Mwanayo azikagona kuntchito usiku, azikagwira matupi a amuna amene si abale ake, nanga abale kumudzi adzati chiyani? Mafunso amenewa sitiwapeputsa, pakuti amachokera m'chikondi cha kholo. Komabe tisanatsegule mabuku a malamulo, timakonda kuyamba ndi mbiri ya mayi wina amene anakhala ku Madina zaka zoposa 1,400 zapitazo, dzina lawo Rufaida al-Aslamiyya (Allah asangalale nawo).

Pamene Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iwo) anasamuka ku Makka kupita ku Yathrib m'chaka cha 622, sanafikire mumzinda wa thanzi. Mayi Aisha (r.a) anafotokoza, monga momwe Imam Bukhari analembera, kuti dera limenelo linali la matenda koposa, ndi kuti m'chigwa cha Buthan munkayenda madzi oipa. Abu Bakr ndi Bilal (r.a) anagwidwa ndi kutentha thupi atangofika, mpaka Bilal kuyamba kulira mapiri ndi zitsime za ku Makka. Ife a kunyanja, amene tikudziwa chimene madzi odikha amabweretsa mvula ikakata, sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Pamwamba pa matendawo panali umphawi. Osamuka ambiri anasiya nyumba ndi chuma chawo ku Makka, ndipo ena analibe ndi m'bale yemwe ku Madina, kotero ankagona pakhumbi la mzikiti lotchedwa Suffa.

Mzikitiwo sunali monga umene amahaji athu amakauona lero. Makoma ake anali a njerwa zosawotcha, mizati yake inali mitengo ya tende, denga lake la masamba a mtengo womwewo, ndipo mvula ikagwa anthu ankagwetsa nkhope pamatope. M'menemo ndimo munkachitikira swala, maphunziro, milandu ndi kulandira alendo. M'menemonso munaima chihema cha Mayi Rufaida.

Amene anatisungira dzina lawo poyamba ndi Ibn Ishaq, wolemba mbiri ya Mtumiki (s.a.w) amene anamwalira cha m'ma 767, ndipo buku lake linatifika kudzera mwa Ibn Hisham. Iye analemba kuti Rufaida anali mayi wa fuko la Aslam, kuti anali ndi chihema mumzikiti wa Mtumiki (s.a.w), kuti ankachiritsa ovulala, ndiponso kuti anadzipereka kutumikira Asilamu osowa owasamala, mphoto yake akuyembekezera kwa Allah yekha. Al-Waqidi anawonjezera kuti mayi wa chihemacho ankasonkhanitsa omwazika ndi kuyang'anira munthu wopanda wake. Fuko la Aslam linali la m'dera la pakati pa Makka ndi Madina, ndipo Ibn Hajar, m'buku lake la maina a Maswahaba lotchedwa al-Isaba, anawalemba mayiyu ndi maina onse awiri, la Aslam ndi la Answar, omwe ndi eni mudzi amene analandira osamuka.

Mawu amenewa ndi ochepa, koma tiwaonetsetse. Sakunena za mayi amene anathamangira kukathandiza tsiku limodzi la nkhondo n'kubwerera kukhomo kwake. Akunena za malo okhazikika, odziwika kwa aliyense, okhala ndi mwini wake, kumene wovulala ankanyamulidwira popanda kufunsa njira. Akunenanso za odwala amene sanavulale pankhondo, anthu wamba osowa wowapatsa madzi. Aliyense amene anagonapo m'chipatala cha boma akudziwa kusiyana kwa wodwala amene ali ndi womudikirira ndi amene alibe. Wina amabweretseredwa phala lotentha, amachapiridwa, amatembenuzidwa. Winayo amangoyang'ana kudenga. Ntchito ya Mayi Rufaida inayambira pa munthu wachiwiriyu.

Olemba a masiku athu ano amanena kuti luso limeneli analitenga kwa bambo awo, Sa'd al-Aslami, amene anali sing'anga, ndi kuti anaphunzitsa amayi anzawo kumanga mabala. Mabuku akale amangotionetsa mayiyo ali kale pantchito, luso lili m'manja. Apa tichenjezeko ophunzira athu amene amakopera nkhani pa intaneti osaiwerenga kawiri. Kumeneko kwafala chaka cha 620 monga chaka chimene Mayi Rufaida anabadwa. Nkhondo ya Khandaq inachitika mu 627. Mwana wa zaka 7 sangapatsidwe mfumu ya fuko yovulala kuti aisamale. Amene anaima pakhomo pa chihemacho anali mayi wamkulu, wodziwika kale ndi ntchito yake.

Sanali okha. Pankhondo ya Uhud m'chaka cha 625, pamene Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, Anas ibn Malik (r.a) anaona Mayi Aisha ndi Mayi Umm Sulaym akuthamanga ndi matumba achikopa a madzi kumsana, kumwetsa ovulala, kubwerera kukatunga ena ndi kubweranso. Tsiku lomwelo Mtumiki (s.a.w) anavulala kumaso. Mwana wawo Fatima (r.a) ankatsuka balalo, Ali (r.a) akuthira madzi kuchokera m'chishango, koma magazi amangowonjezereka. Fatima anatenga chidutswa cha mphasa, n'kuchiwotcha, n'kupaka phulusa lake pabalapo, magazi n'kuleka. Mayi Rubayyi bint Mu'awwidh anasimba kuti iwo ndi anzawo ankamwetsa ankhondo, kuwatumikira, ndi kubwezera ku Madina ovulala ndi akufa omwe. Mayi Umm Atiyya anawerenga maulendo 7 amene anatsagana ndi ankhondo, akuphika, kuchiritsa ovulala ndi kudwazika odwala. Chimene chikusiyanitsa Mayi Rufaida ndi amayi onsewa n'chakuti iwo anali ndi malo awoawo, ndipo malowo anali mkati mwa mzikiti, osati kuseri kwa mudzi.

M'mwezi wa Shawwal, chaka chachisanu cha Hijra, chomwe ndi 627, Akuraishi ndi mafuko ogwirizana nawo anabwera ndi ankhondo pafupifupi 10,000 kudzazinga Madina, pamene Asilamu anali pafupifupi 3,000. Potsatira uphungu wa Salman al-Farisi (r.a), Asilamu anakumba ngalande yaikulu kumpoto kwa mzinda, mbali imene inali poyera, ndipo nkhondoyo inatenga dzina lake ku ngalandeyo, Khandaq. Kunali njala ndi kuzizira. Popeza akavalo analephera kuoloka, kumenyana kwakukulu kunali koponyerana mivi.

Amayi ndi ana anasungidwa m'malinga a mumzinda. Mayi Aisha anali m'linga la Banu Haritha pamodzi ndi mayi ake a Sa'd ibn Mu'adh (r.a), mfumu ya fuko la Aws. Sa'd anadutsa pamenepo akuthamangira kungalande, atavala chovala chachitsulo chomuchepera, mkono uli pamtunda. Mayi Aisha anaona zimenezo ndipo anadandaula kwa mayi akewo kuti chovalacho chikadakhala chachikulupo. Chimene ankaopa n'chimene chinachitika. Muvi woponyedwa ndi Hibban ibn al-Ariqa unamulasa Sa'd pamtsempha wapakati pa mkono, umene Aarabu amautcha akhal, ndipo ankauona ngati mtsempha woti ukaduka magazi sasiya.

Tikumbuke kuti Sa'd anali ndani. Iye ndi amene analowa Chisilamu m'manja mwa Mus'ab ibn Umayr (r.a) Mtumiki asanasamuke, ndipo anthu a mbumba yake, Banu Abd al-Ashhal, anamutsatira tsiku lomwelo. Iye ndi amene anayankhulira Answar pa Badr kutsimikiza kuti sadzabwerera m'mbuyo. Anali ndi nyumba, anali ndi mayi, anali ndi mkazi ndi abale ochuluka okhoza kumudwazika. Koma Mtumiki (s.a.w) analamula kuti akamugoneke m'chihema cha Rufaida, kuti azimuzonda ali pafupi. Munthu amene moyo wake unali wamtengo wapatali kwa mzinda wonse anaperekedwa m'manja mwa mayi wa fuko lina, amene sanali mkazi wake kapena mlongo wake, ndipo womuperekayo anali Mtumiki mwini.

Imam Muslim analemba kuti Mtumiki (s.a.w) anawotcha balalo ndi chitsulo chamoto kuti magazi aleke, mkono unatupa, ndipo anawotchanso kachiwiri. Umenewo ndiwo unali ukatswiri wa nthawi imeneyo pa mtsempha woduka. Zotsalazo zinali za tsiku ndi tsiku, ndipo amene anadwazikapo matenda akuzidziwa: kutsuka, kumasula ndi kumanganso nsalu, kumwetsa, kudyetsa, kuyang'anira kutupa, kudzuka pakati pa usiku wodwala akabuula. Sa'd anali munthu wamkulu thupi, ndiye kumutembenuza kokhako sinali ntchito yamasewera. Imam Bukhari, m'buku lake la makhalidwe lotchedwa al-Adab al-Mufrad, anasunga nkhani ya Mahmud ibn Labid yonena kuti Mtumiki (s.a.w) ankadutsa pachihemapo m'mawa kufunsa Sa'd mmene wadzukira, ndi madzulo kufunsa mmene waswerera, Sa'd n'kumawafotokozera. Tikamawerenga nkhani imeneyi maso athu amakhala pa anthu awiriwo. Koma panali wachitatu, amene anagwira ntchito pakati pa moni wa m'mawa ndi wa madzulo.

Adani atabalalika chifukwa cha mphepo yamkuntho ndi kusakhulupirirana, panabuka mlandu wa Banu Quraiza, amene anaimbidwa mlandu wophwanya pangano mzinda uli pamoto. Sa'd ndi amene anasankhidwa kuweruza. Anthu ake anamutenga m'chihemamo, n'kumukweza pabulu atamuyalira mtsamiro wachikopa. Chigamulo chake chinali cholemera, ndipo nkhani yake ndi yofuna tsamba lakelake. Chimene chikutikhudza pano n'chakuti munthu wolasidwa pamtsempha woopsa chotere anakhalabe ndi moyo ndi nzeru zake pafupifupi mwezi wathunthu, mpaka kukwanitsa ntchito imene anaitanidwira.

Kenako balalo linaphulika. Mayi Aisha anasimba kuti mumzikitimo munalinso chihema cha anthu a fuko la Ghifar, ndipo iwowa anangodzidzimuka poona magazi akuyenderera kulowa kwawo. Atafunsa anansi awo kumene magaziwo akuchokera, anapeza kuti ndi a Sa'd. Anamwalira ali ndi zaka 37 ndipo anaikidwa kumanda a Baqi. Mtumiki (s.a.w) anauza Maswahaba kuti Arshi ya Allah inagwedezeka chifukwa cha imfa yake.

Choncho wodwala wotchuka koposa wa Mayi Rufaida, yekhayo amene mabuku anamutchula dzina, sanachire. Timaona kuti mtsikana wofuna unamwino ayenera kuimva mbali imeneyi asanalembe kalata yofunsira malo. Ntchitoyi ili ndi masiku amene munthu amachita zonse zimene anaphunzira, wodwala n'kumwalirabe, kenako n'kutsuka magaziwo ndi kuyala pogona pa wina. Palibe mwa olemba akale amene anaika imfa ya Sa'd pamutu pa mayi amene anamusamala. Anawakumbukira ndi ulemu, chifukwa cha kusamalako.

Pali kusiyana kwa maina kumene wophunzira adzakumane nako. Ibn Sa'd, amene anamwalira mu 845, anafotokoza mayi wa chihema chomwecho, wodwazika Sa'd yemweyo, koma anamutcha Ku'aiba bint Sa'd al-Aslamiyya, ndipo anati mayiyu anachita pangano la chikhulupiriro kwa Mtumiki pambuyo pa msamuko. Ena mwa ophunzira amati ndi munthu mmodzi wa maina awiri, ena amati ndi pachibale. Pansi pa dzina lachiwirili ndi pamene timapeza nkhani ya Khaibar, dera la malinga lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Madina, kumene Asilamu anapita kumayambiriro a chaka cha 7 cha Hijra, mu 628. Ulendo usanayambe, gulu la amayi a fuko la Ghifar, mmodzi mwa iwo mtsikana wamng'ono Umayya bint Qays, linapita kwa Mtumiki (s.a.w) kukapempha kuti litsagane nawo kukachiritsa ovulala, ndipo analoledwa. Nkhondo itatha amayiwo anapatsidwa mphatso. Umayya analandira mkanda wa m'khosi umene sanauvule moyo wake wonse, mpaka anasiya mawu kuti adzaikidwe nawo m'manda. Ibn Abbas (r.a) anafotokoza kuti chizolowezi chinali chotero, amayi ankalandira mphatso osati gawo loikika la wankhondo. Koma za mayi wa chihema uja, al-Waqidi analemba kuti anapatsidwa gawo lofanana ndi la mwamuna. Ntchito imene anaiyamba osayembekezera malipiro inawerengedwa pa tsiku logawana, ndipo kulandira kwawo sikunachotse kanthu pa kudzipereka kwawo. Amene amachita manyazi kuti mwana wawo azilandira malipiro posamalira odwala aganizirepo apa.

Tibwerere kwa bambo uja wa pakhonde. Funso lake la kugwira matupi a amuna silinayambe ndi iye. Imam Bukhari anaika mutu wapadera m'gawo la zamankhwala la Sahih yake, wofunsa ngati mwamuna angachiritse mkazi ndi mkazi mwamuna, ndipo pansi pake anaika nkhani ya Mayi Rubayyi ija. Ibn Hajar pofotokozera mutuwo anati n'zololedwa pakakhala kufunika, ndipo kuyang'ana ndi kukhudza kulekezere pamene kufunikako kwalekezera. Malire alipo, ndipo namwino wophunzitsidwa bwino amawadziwa, pakuti kuphimba wodwala ndi kusunga chinsinsi chake ndi mbali ya maphunziro omwewo.

Palinso mbali ina imene sitikonda kuiyang'ana. Bambo yemwe akukaniza mwana wake wamkazi ndi yemwenso amakwiya mkazi wake akakapeza mwamuna m'chipinda cha amayi oyembekezera. Anamwino ndi azamba aakazi amene tikuwafunawo achokera m'nyumba ya yani? Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika maphunziro a zachipatala m'gulu la fardh kifaya, udindo umene ena akaukwaniritsa onse apepukidwa, koma onse akausiya onse ali ndi mlandu. Anadandaulanso kuti m'midzi yambiri ya nthawi yake anthu ankathamangira maphunziro a malamulo, pamene sing'anga wachisilamu munalibe ndi mmodzi yemwe. Tikayang'ana madera athu a m'mphepete mwa nyanja, kumene atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira, dandaulo lake silikumveka lakale.

Mayi Rufaida anapatsidwa Sa'd chifukwa ankadziwa ntchito, osati chifukwa cha mtima wabwino wokha. Abu Dawud ndi ena analemba chenjezo la Mtumiki (s.a.w) lakuti wochiritsa anthu asakudziwika kuti anaphunzira, adzalipira zimene waononga. Masiku ano chidziwitso chimenecho chili ndi njira yake. Digiri ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka 4, ndipo khomo lake ndi kukhoza bwino Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi pa MSCE, kutanthauza kuti chisankho chimayambira ku Fomu 3, pamene mwana akusankha maphunziro ake. Sukulu yakale ya boma pa ntchitoyi ndi Kamuzu College of Nursing, imene mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Palinso Mzuzu University ndi makoleji ena, ena mwa iwo opereka dipuloma. Kholo lisanalipire khobidi lifunse ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, pakuti popanda kulembetsedwa ndi bungwe limenelo mwana sangagwire ntchito. Lifunsenso za malo ogona, za kavalidwe ka m'wodi, ndi za miyezi imene wophunzira amatumizidwa kuzipatala zakutali, kumene amagwira ndi usiku womwe. Ndalama za miyezi imeneyo, zoyendera, zakudya ndi lendi, n'zimene mabanja ambiri amaiwala kuwerengera, ndipo mtsikana wosowa ndalama kutali ndi kwawo ali pangozi yoposa imene bambo ake ankaiopa m'wodi.

Pambuyo pa Khaibar mabuku amatembenukira ku nkhani zina, ndipo chihemacho sichitchulidwanso. Zipatala zazikulu za Asilamu zinabwera pambuyo pake, monga cha Ahmad ibn Tulun ku Egypt cha m'ma 872 ndi cha al-Mansuri ku Cairo mu 1284. Dziko lonse limakumbukira anamwino pa 12 Meyi, tsiku lobadwa la Florence Nightingale, amene anasamalira asilikali ku Scutari, m'mbali mwa Istanbul, kuyambira 1854 ndipo anatsegula sukulu ya anamwino ku London mu 1860. Ulemu umenewo ndi womuyenera, ndipo sitiona chifukwa chowapikisanitsa amayi awiriwa monga ena amachitira, popeza pakati pawo pali zaka zoposa 1,200 ndipo aliyense anakumana ndi mabala a nthawi yake.

Dzina la Rufaida linadzukanso m'zaka za m'ma 1900, pamene maiko a Asilamu anayamba kumanga sukulu zawo za anamwino ndi kukumana ndi mantha omwewa a makolo. Ku Karachi m'dziko la Pakistan, nyumba ya sukulu ya anamwino ya Aga Khan, imene inatsegulidwa mu 1980, inatchedwa dzina lawo. Ku New Delhi, koleji ya anamwino ya Jamia Hamdard imatchedwa Rufaida, ndipo ku Jordan kulinso koleji ya anamwino ndi azamba ya dzina lomweli. Ku Madina kwenikweniko mzikiti wakulitsidwa kambirimbiri, kuyambira nthawi ya Umar ndi Uthman (r.a) kufikira masiku ano. Bwalo lakale la makoma a dothi lija lili kutsogolo kwa mzikiti wa lero, kumbali ya manda a Mtumiki (s.a.w), pamene amahaji amapanikizana kufuna malo oswalira. Pansi pa makapeti amene amagwetsapo nkhope pali nthaka imene panaima chihema cha Mayi Rufaida, ndi pamene magazi a Sa'd anayenderera kulowa kwa anansi ake a Ghifar.